Za filimu ya Snow Flower ija: kodi ubwenzi wa laotong unalikodi?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Limbe: "Ndaonera filimu ina ya ku China, Snow Flower and the Secret Fan, ya atsikana awiri omwe anawalumbiritsa ubwenzi ali ang'onoang'ono nkumalemberana pa chokupizira mphepo mpaka imfa. Ndalira ndithu. Koma ndikufuna kudziwa, zimenezi zinkachitikadi kapena nzongopeka za mafilimu? Zilembo zija zilipodi? Nanga mapazi aja ankawathyoleranji? Agogo anga ku Thyolo anali ndi anjira awo, kodi si zomwezi?"

Zikomo mayi, mwafunsa zambiri nthawi imodzi koma zonsezi nzolukanalukana nde ndiyesa kuziyankha bwinobwino. Choyamba, atsikana awiri a mufilimuyi, Lily ndi Snow Flower, sanakhaleko, ndi anthu opeka. Anawapeka ndi Lisa See, mlembi wa ku America yemwe agogo a bambo ake anachokera ku China, mbuku lomwe linatuluka mu 2005, ndipo filimu yomwe mwaonerayo anaitsogolera ndi Wayne Wang mu 2011 potengera bukulo. Koma ubwenzi wolumbirirana wa atsikana awiri uja, womwe amautcha laotong, unalikodi, zilembo zomwe ankalemberana zija, zotchedwa nüshu, zilipodi mpaka lero, ndipo kumanga mapazi kunachitikadi kwa zaka mazanamazana, moti zomwe anaonetsa mufilimumo nzochepa kuyerekeza ndi mmene zinkakhalira. Chomwe ndikufuna muchigwire kaye nchakuti kupatula za mapazizo, zinazi sizinali za China yense ayi. Anthu akaonera filimuyi amangoti oo kani akazi a ku China ankatere, pomwe ndi nkhani ya kadera kochepa kwambiri mdziko lalikulu ngati limene lija.

Kaderako ndi boma la Jiangyong, kummwera kwa chigawo cha Hunan kufupi ndi malire a Guangxi, makamaka midzi yozungulira Shangjiangxu. Ndi kumapiri, kolima mpunga, kumene anthu a mtundu wa Han, womwe ndi mtundu waukulu ku China, anakhala moyandikana ndi a mtundu wa Yao kwa nthawi yaitali mpaka miyambo ina inasakanikirana. Mtsikana wa kumeneko zaka za mma 1800 sankapita kusukulu, sukulu inali ya anyamata, ndipo akangomangidwa mapazi moyo wake wambiri unkathera mchipinda chapamwamba cha nyumba, pamodzi ndi mayi ake, azakhali, achemwali, kupota thonje, kuwomba nsalu, kusoka nsapato ndi kusoka maluwa pa nsalu tsiku ndi tsiku. Chiphunzitso cha nthawi imeneyo chinkati mkazi amvere bambo ake ali mtsikana, amvere mwamuna wake akakwatiwa, mwamunayo akamwalira amvere mwana wake wamwamuna. Ndipo ukwati unali wachitengwa weniweni, wopita kumudzi kwa munthu yemwe nthawi zambiri sunamuonepo nkamodzi komwe, kukakhala pansi pa apongozi, kumene ulemu wako unkadalira kubereka mwana wamwamuna basi. Mwana wamkazi kwawo komwe ankamuona ngati wodutsa, woti akulera koma phindu lake likadyedwa kwina. Mukamvetsa zimenezi ndiye laotong imamveka, chifukwa siinamere pa chisangalalo, inamera poti mkazi ankadziwa kuti aliyense womudziwa bwino adzasiyana naye.

Panali mitundu iwiri ya ubwenzi wolumbirirana ndipo filimu sikuwasiyanitsa mokwanira, nchifukwa chake ambiri samvetsa chomwe Lily anakwiyira Snow Flower. Wina unali wa gulu, atsikana angapo a mudzi umodzi kapena midzi yoyandikana, kawirikawiri mpaka 7, ankalumbirirana uchemwali, kumagona limodzi, kusokera limodzi katundu wa ukwati, kuimba limodzi. Akazi akuluakulu, makamaka amasiye, nawonso ankatha kupanga gulu lotere. Laotong inali ya anthu awiri okha, amsinkhu umodzi, obadwa chaka chimodzi, ndipo mabanja ndi omwe ankakhala nazo pansi, kutumizirana kalata ndi mphatso, nthawi zina anawo asanadziwe nkomwe kuti chikuchitika nchiyani. Mbuku la Lisa See mayi wolumikiza maukwati amafufuza kuti chaka, mwezi, tsiku ndi ola lobadwira zikugwirizana, msinkhu ukufanana, mapazi anamangidwa tsiku limodzi, ndipo pamakhala pangano lolembedwa. Mfundo yaikulu mbukumo ndi yoti wako ndi mmodzi yekhayo mpaka kufa. Nde Snow Flower atalemba kuti pali achemwali atatu omwe amulandira mmene alili, kwa Lily sizinali zoti mnzanga wapeza anzake ocheza nawo ayi, kunali kuswa pangano, kungokhala ngati wamva kuti mwamuna wake wakwatira kwina.

Musaiwalenso kuti makolo sankachita zimenezi chifukwa chongokonda ana awo kuti akhale ndi mnzawo. Mtsikana wa banja losauka akalumikizidwa ndi wa banja lodziwika mtengo wake pa ukwati unkakwera, amaphunzirako makhalidwe a kunyumba zapamwamba, ndipo midzi iwiri inkapeza ubale. Bukuli linagwira bwino pamenepa. Lily ndi mwana wa mlimi koma mapazi ake anatuluka okongola kwambiri, Snow Flower ndi wa banja lomwe linali lolemera koma bambo ake anamaliza chuma ndi mankhwala osokoneza bongo a opiyamu, ndipo mayi wolumikiza uja, yemwe ndi mbale wake wa Snow Flower, anabisa zonsezi. Mapeto ake Lily akukwatiwa ku banja lolemera la a Lu, mnzake akukwatiwa ndi wopha nkhumba, ntchito yomwe anthu ankainyoza kwambiri. Ubwenzi unayamba ndi bodza la akuluakulu koma chikondi cha anawo chinali chenicheni, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe nkhaniyi ili ndi mphamvu.

Tsopano za anjira a agogo anu. Mwaganiza bwino ndithu, pali kufanana kwenikweni. Chinjira cha kummwera kwathu kuno ndi ubwenzi wodziwika kwa onse, wa akazi awiri omwe si apachibale, wopatsana mphatso, woti pamaliro kapena pa matenda mnjira wako salephera kufika, ana ako amamudziwa, amuna anu amadziwa. Kumeneko nkofanana. Kusiyana kwake nkoti anjira amasankhana okha ali akuluakulu, ataonana mtima, pomwe laotong ankakusankhira ukadali mwana. Chinanso, agogo anu ku Thyolo mwina anakhala pamudzi pawo pomwe, mwamuna ndi amene anabwera kudzakhala chikamwini, mayi awo ndi achemwali awo ali pafupi, nde mnjira anali wowonjezera pa anthu omwe anali nawo kale. Mkazi wa ku Jiangyong analibe zimenezo. Akapita ku banja anali mlendo pakati pa alendo, mapazi oti sangayende nawo mtunda, ndipo laotong mwina ndi munthu yekhayo padziko yemwe ankamufunsa kuti mtima wako uli bwanji. Nchifukwa chake kalata zinali zofunika chonchija.

Zilembo zija amazitcha nüshu, kutanthauza zolemba za akazi. Mukaziona nzazitali, zowonda, zopendekeka, timizere tosongoka ngati miyendo ya udzudzu moti anthu a komweko ankazitchula choncho. Zambiri zinachokera ku zilembo za Chitchaina zomwe amuna ankaphunzira koma anazipeputsa nkuzisintha kagwiridwe ka ntchito. Mu Chitchaina chilembo chilichonse chimanyamula tanthauzo lake, nde kuti uwerenge bwino umafunika kudziwa zilembo masauzande. Mu nüshu chilembo chimaimira kamvekedwe ka mawu, kotero chilembo chimodzi chimatha kuimira mawu angapo omveka mofanana, ndipo ndi zilembo mazana ochepa chabe mkazi ankatha kulemba zonse za mumtima mwake. Komanso ankalemba chilankhulo cha kumudzi kwawo komweko, osati Chimandarini, Chitchaina chofala chomwe mukumva mufilimu muja. Ubwino wake ndi womwewo, kuphweka, koma vuto lake nlakuti tanthauzo umalipeza poona mawu oyandikana nawo, ukawerenga mtima uli mmwamba utha kumva zina. Lisa See anamanga mkangano wa awiriwa pamenepa ndipo anachita mwanzeru. Mtsikana ankaphunzira kwa mayi ake, agogo kapena azakhali, akusoka, poyamba kuloweza nyimbo kenako kuzindikira zilembo zake, chifukwa pafupifupi zonse zinkalembedwa mwandakatulo, mizere ya zilembo 7 kawirikawiri, ndipo sizinali zowerenga chamumtima, zinali zoimba. Ankalemba pa pepala, pa zokupizira, pa mipango, ena kusokera pa nsalu ndi malamba.

Apa ndiyenera kukonza chinthu chimodzi chomwe dzina la filimuyi komanso nkhani zambiri za pa intaneti zimasocheretsa nacho anthu, zoti nüshu inali chinsinsi chobisira amuna, ati akazi ankachita kubisa kuti asagwidwe. Ofufuza omwe anakhala ndi amayi a kumeneko, ngati Fei-wen Liu wa ku Taiwan ndi Cathy Silber wa ku America, anapeza kuti sizinali choncho kwenikweni. Amuna ankadziwa kuti zilembozi zilipo, ankaziona, ankamva akazi akuimba. Kungoti sankazilabadira, ankaziona ngati zachikazi zopanda ntchito, zoti sungalembere mayeso a boma kapena kugulira munda. Ine zimenezi zimandipweteka kuposa nkhani ya chinsinsi ija. Munthu amene akukuletsa kulemba ndiye kuti akuopa zomwe ulembe, koma awa ankalemba masautso awo onse poyera, kuwaimba pakhomo, pafupifupi palibe mwamuna yemwe anaona kuti nkofunika kuphunzira kuti amve zomwe mkazi wake akunena.

Umboni woti sichinali chinsinsi ndi mwambo wa ukwati womwewo. Mtsikana akatsala pang'ono kukwatiwa anzake ankabwera kudzakhala naye masiku ambiri, kuimba usiku, ndipo mkwatibwi ankalira moimba, kutsanzika mayi ake, azakhali, achemwali mmodzimmodzi, iwonso nkumamuyankha molira. Pa tsiku lachitatu chichitikireni ukwati, akwawo ankatumiza ku mudzi wa mwamuna timabuku totchedwa sanzhaoshu, tokutidwa ndi nsalu, tosokedwa pamanja mwaluso kwambiri. Masamba oyambirira ankalemba mayi ake kapena laotong wake kapena mchemwali wolumbirirana naye, kudandaula kuti atisiyanitsa, kumulangiza kuti apirire, kupempha apongozi kuti amuchitire chifundo, amulole azibwera kudzaona kwawo. Timabukuti ankatiika poyera ku nyumba ya mwamuna, akazi a kumeneko nkumawerenga moimba, ndipo kuchuluka kwake kunkasonyeza kuti mtengwayu ndi woleredwa bwino, ali ndi anthu kumbuyo kwake. Masamba otsala ankawasiya osalemba, mwini wake ankasungamo ulusi ndi mapatani a zosokasoka moyo wake wonse. Kumeneko kunalinso mwambo woti mkwatibwi akatha masiku ochepa kwa mwamuna ankabwerera kwa makolo ake, kumangopitako pa nthawi za zikondwerero mpaka atatenga pakati koyamba, pamenepo ndiye ankasamukiratu. Nde zaka zimenezo atsikana ankapitiriza kuonana, kusiyana kwenikweni kunkabwera ndi mwana woyamba.

Zomwe zinatsala zolembedwa mu nüshu mukaziwerenga sizosangalatsa ayi. Zambiri ndi mbiri za moyo wa mkazi mwini wake, kufotokoza kuti mwamuna anamwalira ndili ndi zaka zakuti, ana anga anafa, apongozi anandizunza, asilikali anatenga mwamuna wanga osabwerera, ndilibe mlongo wondiyankhulira. Omwe sankadziwa kulemba ankapita kwa mnzawo wodziwa, kumufotokozera akulira iye nkumaika mndakatulo, kenako nkukaimba pamodzi pa gulu la akazi, onse kulira, ndipo ankati mtima umapepuka. Palinso mapemphero omwe ankapita nawo ku kachisi, nthano, ndi kalata zokalipirana, chifukwa nawonso ankayambana ndithu. Zatsala zochepa chifukwa mkazi akamwalira zolemba zake ankaziwotcha kapena kumuika nazo mmanda kuti akapitirize kuwerenga kutsogoloko, ndipo zina zinawonongedwa nthawi ya Cultural Revolution pakati pa 1966 ndi 1976, pomwe zinthu zachikale ankaziona ngati zoipa. Pachifukwa chimenechi nkhani ya chiyambi cha nüshu imangokhala ya nthano za komweko, monga ya mtsikana wa ku Jiangyong yemwe ati anatengedwa kukakhala mmodzi wa akazi a mfumu nkupeka zilembozi kuti azilembera kwawo za kusungulumwa kwake.

Dziko linadziwa za nüshu mochedwa kwambiri. Bambo wina wa komweko, Zhou Shuoyi, anayamba kuzifufuza mma 1950 koma ntchito yake inasokonezeka ndi ndale za nthawiyo. Mu 1982 mphunzitsi wina wa ku yunivesite, Gong Zhebing, anakafika kuderako ndipo lipoti lake la mu 1983 ndi lomwe linadzutsa akatswiri. Anapeza agogo ochepa okha otsala, odziwika kwambiri ndi Gao Yinxian yemwe anamwalira mu 1990 ndi Yi Nianhua yemwe anamwalira mu 1991, ndipo zambiri zomwe tili nazo lero analemba ndi manja awo atakalamba kale. Yang Huanyi, yemwe amamutchula kuti womaliza mwa omwe anakula akugwiritsa ntchito nüshu mmoyo wa tsiku ndi tsiku, anamwalira mu Seputembala 2004 ali ndi zaka zoposa 90, ndipo Lisa See anakumana naye atapita ku Jiangyong mu 2002. Chomwe chinapha nüshu kwenikweni si nkhanza zokha, ndi kusintha kwabwino komwe. Atsikana atayamba kupita kusukulu anaphunzira zilembo zomwe aliyense amawerenga, lamulo la ukwati la mu 1950 linaletsa maukwati okakamiza, akazi anatuluka mchipinda chapamwamba chija kupita kuminda ndi kumafakitale. Sindingalire kuti bwenzi zinakhala mmene zinalili, ayi, olo zilembozo zikhale zokongola bwanji.

Tibwere ku mapazi, pomwe ndikudziwa kuti mtima unakuwawani. Mwambowu unayamba cha mma 900 kapena 1000 pakati pa ovina ndi akazi a kunyumba za mafumu, nkufalikira pang'onopang'ono mpaka kumidzi, moti pofika mma 1800 akuti mwina pafupifupi theka la akazi a ku China anali omangidwa mapazi, ndipo mmabanja apamwamba a mtundu wa Han pafupifupi onse. Ankayamba mwana ali ndi zaka pakati pa 4 ndi 9, mafupa asanakhwime, kawirikawiri nyengo yozizira kuti mapazi achite dzanzi. Ankaviika mapazi mmadzi ofunda, kuwenga zikhadabo, kupindira zala zinayi pansi pa phazi kusiya chachikulu chokha, nkukulunga ndi nsalu yaitali pafupifupi mamita 3, kukoka kuti chidendene chiyandikire kutsogolo mpaka pakati pa phazi pathyoke. Ndiye ankamukakamiza mwanayo kuyenda, kuti kulemera kwa thupi lake kuthandize kuswa mafupa. Pakapita masiku ochepa amasula, atsuka mafinya, amanganso mothina kuposa poyamba, nsapato nazo zikunka zichepa, kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Cholinga chinali phazi la masentimita pafupifupi 10, lomwe ankalitcha duwa la golide. Ana ena zala zinkaola nkugwa, ena ankafa ndi zilonda, ndipo mbuku muja mng'ono wake wa Lily amafa choncho.

Mwafunsa kuti ankawathyoleranji. Yankho lowawa nlakuti wochita zimenezi anali mayi wake wa mwanayo kapena agogo ake, ndipo ankachita poopa kuti akapanda kutero mwana wake sadzakwatiwa pabwino, adzakhala wantchito kapena mkazi wachiwiri. Apongozi posankha mtengwa ankaona nsapato yake asanaone nkhope, chifukwa phazi laling'ono linkasonyeza kuti mtsikanayu amapirira, amamvera, ndipo nsapato yosokedwa bwino inkasonyeza luso la manja ake. Amuna ankaona mapaziwo ndi kayendedwe kake ngati kukongola kodzutsa chilakolako, zimenezo nzoona. Koma palinso chifukwa china chomwe ofufuza awiri, Laurel Bossen ndi Hill Gates, anachionetsa mu 2017 atacheza ndi agogo ambirimbiri akumidzi. Mwana wa zaka 6 sakhala pansi, amafuna kuthamanga, koma banja linkafuna manja ake pa thonje ndi nsalu zomwe zinkabweretsa ndalama, nde kumanga mapazi kunkamukhazika pansi tsiku lonse. Iwo anapeza kuti mmadera momwe nsalu za kufakitale zinafika nkugwetsa mtengo wa nsalu zowomba pamanja, kumanga mapazi kunatha msanga. Ine mfundo imeneyi ndimaikhulupirira chifukwa imafotokoza chifukwa chake ngakhale osauka ankachita nawo. Si onse ankamanga, akazi a mtundu wa Manchu omwe ankalamulira dziko kuyambira 1644 sankamanga, a mtundu wa Hakka nawonso ayi. Boma latsopano linaletsa mu 1912 koma kumidzi zinapitirira, zinatheratu chikomyunizimu chitalowa mu 1949, ndipo fakitale yomaliza yosoka tinsapato timeneti, ku Harbin, inasiya mu 1999 chifukwa ogula anali atatha.

Nkhondo ija ya munkhaniyi yomwe anthu akuthawira kumapiri nayonso ndi yeniyeni, ndi kuukira boma kwa gulu lotchedwa Taiping, kuyambira 1850 mpaka 1864, motsogozedwa ndi Hong Xiuquan yemwe ankati ndi mng'ono wake wa Yesu. Inayambira ku Guangxi, inadutsa kummwera kwa Hunan mu 1852, ndipo anthu osachepera 20 miliyoni anafa. Tangoganizani kukwera phiri usiku nyengo yachisanu ndi mapazi aja, mwana kumsana. Chodabwitsa nchakuti a Taiping omwewo ankaletsa kumanga mapazi mmadera omwe analanda.

Tsopano maganizo anga pa filimu yeniyeniyo, ndipo ndinena mosabisa. Ndi yokongola mmaso, zovala, nyumba, nyimbo za Rachel Portman, ndipo Li Bingbing ndi Jun Ji-hyun wa ku South Korea anasewera ndi mtima wonse, aliyense mbali ziwiri. Koma nkhani ija ya ku Shanghai ya masiku ano, ya Nina wa ntchito yapamwamba yemwe akufuna kupita ku New York ndi Sophia yemwe ali chikomokere mchipatala atachita ngozi pa njinga, kuphatikizapo Hugh Jackman akuimba mkalabu, mbuku mulibe nkomwe. Anawonjezera opanga filimu, mwina poganiza kuti anthu sangakhale pansi kuonera za mma 1800 zokhazokha. Zotsatira zake nzakuti nthawi yomwe ikanapita ku chipinda chapamwamba chija, ku nyimbo za ukwati, ku kuphunzira zilembo, inadyedwa, ndipo nüshu inangotsala ngati chokongoletsa pa chokupizira. Olemba za mafilimu ambiri sanaikonde pa chifukwa chomwechi. Choipa kwambiri kwa ine nchakuti kuika nkhani ziwirizi pambalipambali kumapangitsa munthu kuganiza kuti mavuto a Nina ndi a Lily ndi amodzi, pomwe Nina ali ndi foni, pasipoti, malipiro ake ndi mapazi athunthu, atafuna atha kukwera ndege kukamuona mnzake mawa lomwe. Lily kuti akaone Snow Flower ankayenera kupempha chilolezo kwa apongozi omwe sankafuna kuti mtengwa wawo azipita kwa wopha nkhumba.

Ndipo filimuyo inafewetsa mlandu wa Lily. Mmene anaikonzera, kusiyana kwawo kumaoneka ngati kudzimana kwa Snow Flower, kuti wadzichotsa dala kuti asakhale mtolo kwa mnzake, nde woonera umangolira nawo onse awiri mofanana. Mbuku si choncho, ndipo nchifukwa chake ndikuti mulipeze. Amene akufotokoza ndi Lily ali nkhalamba ya zaka 80, akuulula tchimo lake. Snow Flower akumenyedwa ndi mwamuna wake, ana akumufera, akubwera kwa laotong wake kuti angomumvera, koma Lily yemwe tsopano ndi mayi wolemekezeka wa dera lonse akumupatsa malangizo okhaokha, mvera mwamuna wako, sangalatsa apongozi, yesanso kubereka mwana wamwamuna. Mawu omwewo omwe dziko lonse linkamuuza kale. Atalandira uthenga uja wa achemwali atatu sanafunse nkomwe kuti mnzanga ukutanthauza chiyani, anakamuyalutsa pagulu la akazi pa mwambo wa ukwati, kuulula zinsinsi zonse zomwe anamuuza, ndipo anakhala zaka 8 osayankhulana mpaka anamva kuti akufa. Kumeneko ndi komwe anadziwa kuti Snow Flower sanalumbirirane ndi wina aliyense, amayi aja ankangomusamalira. Ine ndikawerenga pamenepa sindimuda Lily, ndimamumvetsa, anakula akuuzidwa ndi mayi ake kuti chikondi ndi kumanga mothina kuti zidzakuyendere, nde ndi chikondi chokhacho chomwe ankadziwa kupereka. Koma mnzake anafa akudziwa kuti munthu mmodzi yemwe analumbira kuti adzamumva sanamumve, ndipo filimu yomwe ikubisa zimenezi yachotsa fupa la nkhani.

Nüshu lero ikadalipo koma mwa mtundu wina. Boma la China linaiika pa mndandanda wa chikhalidwe chotetezedwa mu 2006, ku Puwei mboma la Jiangyong kuli nyumba yosungirako zinthuzi komwe atsikana amaphunzitsidwa kulemba ndi kuimba, ndipo mu 2017 zilembo 396 zinalowetsedwa mu Unicode kotero zitha kulembedwa pa kompyuta. Wopeka nyimbo wotchuka Tan Dun, yemwe kwawo ndi ku Hunan komweko, anapeka nyimbo yaikulu ya nüshu mu 2013 atajambula amayi a mmidzimo akuimba. Koma zambiri zomwe zikulembedwa pano ndi mawu a mafuno abwino ogulitsa kwa alendo, pa zokupizira ndi zikwama, osati kalata za mkazi kwa mnzake. Ngati mukufuna kuona za nüshu ya lero ndi maso anu, fufuzani filimu ya zochitikadi yotchedwa Hidden Letters ya mu 2022, ya Violet Du Feng, imatsatira atsikana awiri a masiku ano omwe anaphunzira nüshu, ndipo imaonetsa bwino mmene amalonda akuilimbiranira. Koma yambani ndi buku la Lisa See, lili mChingerezi chosavuta, ndipo mukafika pa mutu womanga mapazi muwerenge masana, osati pogona.